Uthenga Sufika Usanabwerere

Aliyense amene adakulira pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo amawadziwa bwino masiku aja a m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chimakwera kuchokera kumwera chakum'mawa, kumene kuli phiri la Chiperone la ku Mozambique limene chidatengerako dzina, n'kudzakuta zitunda zonse za Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi Conforzi, kotero kuti mayi woima pamzera wake ndi dengu kumsana samuona mnzake wa pamzera wachitatu, ngakhale akumva kukhosomola kwake. Pa masiku otere maso amapuma ntchito, zonse n'kutsalira makutu. Kapitawo amaitana osaoneka, othyola tiyi amayankha osaoneka, thirakitala yodzatenga masamba imadziwika ndi kulira kwake kokha. Ndipo nthawi zina, pamwamba pa mitamboyo, pamamveka mkokomo wa ndege imene siona pansi, monganso ife sitiiona.

Ndili mwana ndinkafunsa akuluakulu kuti kodi munthu amene ali m'mwambamo, kopanda msewu, kopanda ngakhale mtengo wa bulugama woti azindikirirepo njira, amadziwa bwanji pamene pali phiri la Thyolo ndi pamene pali Sapitwa, nsonga ija ya Mulanje yotalika mamita 3,002. Yankho ndidalipeza nditakula: kuwonjezera pa zipangizo zimene zili pamaso pake, woyendetsa ndege amatsogoleredwa ndi mawu a munthu amene sadamuonepo nkhope, mlonda wokhala pansanja ya pabwalo la ndege monga Chileka kapena Kamuzu, amene ntchito yake ndi kugawa thambo kuti ndege iliyonse ikhale ndi njira yake ndi msinkhu wake. Miyoyo ya anthu mazanamazana imalenjekeka pa ulusi wa mawu amenewa, ndipo lero ndifuna tione pamodzi malo amene ulusiwo umakonda kudukira.

Koma ndiyambire pansi pano, pakuti nthenda yake ndi imodzimodzi. Bambo anga adali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina imene dzina lake silifunika kuno, ndipo ankakonda kusimba za tsiku lina la m'nyengo yodulira tiyi, pamene bwana wa minda, ali panjinga yamoto injini ikulira, adafuulira kapitawo m'Chingerezi kuti atenge anthu ake akadulire munda wa nambala 15. Kapitawo uja, munthu wamkulu ndi waulemu wake, adamva ngati 50, pakuti manambala awiriwa m'Chingerezi amasiyana kamchira kokha, mumtima adakayika ndithu, chifukwa munda wa 50 udali utaduliridwa chaka chapitacho, koma poona kuti kufunsa bwana kawiri ndi mwano, adavula chipewa nati, "Inde, bwana." Dzuwa lisanafike pamutu, tiyi amene ankayembekezeka kubala bwino chaka chimenecho adali atametedwa mpala. Bambo pomaliza nkhaniyi sankadzudzula khutu la kapitawo kapena lilime la bwana. Ankadzudzula "inde" uja, liwu lokoma m'makutu limene silinena chimene munthu wamva. Ndipo ife ana awo akatituma kusitolo, sankalola kuti tingoti chabwino n'kuthamanga: tinkayenera kuima n'kubwereza kuti mchere, palafini, machesi, kenaka n'kumapita.

Chimene bambo adachipeza ndi nzeru za pakhomo, maiko adachiika kukhala lamulo la m'mlengalenga. Nkhanga zidapangana kusanapse: m'chaka cha 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, nthumwi za maiko zidakumana ku Chicago n'kuchita pangano limene lidabala bungwe la ICAO, loyala malamulo a maulendo a pandege, ndipo podziwa chimene chidagwera omanga nsanja ya Babele, adagwirizana pambuyo pake kuti pansanja zawozi pazikhala chinenero chimodzi chimene mlendo aliyense angachipeze, ndicho Chingerezi, komanso chodulidwa ndi kusemedwa kuti liwu lililonse likhale ndi tanthauzo limodzi. Popeza zilembo monga B, D, P ndi T zimafanana zikadutsa m'wailesi, kuyambira 1956 chilembo chilichonse chili ndi dzina lake, Bravo, Delta, Papa, Tango, kotero kuti ndege yolembetsedwa m'Malawi, imene nambala yake imayamba ndi 7Q, imadzitchula kuti "Seven Quebec". Nambala 9 amaitchula "niner" kuti isasokonezeke ndi 5, ndipo 3 amaitchula "tree", chinthu chimene malilime athu sachiona chachilendo. Koma mutu wa malamulo onsewa ndi uja wa bambo: mlonda akapereka msinkhu, njira kapena chilolezo chotera, woyendetsa amabwereza mawuwo pamodzi ndi dzina la ndege yake, ndipo mlonda amatchera khutu kuti amve ngati chimene chabwerera ndi chimene chidapita.

Wailesi yakeyo isafanizidwe ndi lamya ya m'manja, imene anthu awiri amatha kulankhulirapo pamodzi monga amachitira okangana. Ili ngati bwalo la kwa mfumu, pamene onse amamva koma wolankhula ndi mmodzi. Awiri akatsegula pakamwa nthawi imodzi, chotuluka chake ndi likhweru lopweteka m'makutu, ndipo aliyense wa awiriwo amaganiza kuti wamveka. Mafunde akenso amayenda mowongoka ngati kuwala kwa nyali, ndiye kuti ndege ikatsikira kuseri kwa phiri, mawu ake amatsakamira komweko. Ndipo dziko lathu, kuyambira Mulanje ndi Zomba mpaka Viphya ndi Nyika, ndi dziko la mapiri.

Pamene ulusi udadukira koopsa koposa m'mbiri yonse ya ndege ndi pachilumba cha Tenerife, pa 27 March 1977. Bomba litaphulika pabwalo la Las Palmas, ndege zambiri zidapatutsidwira pabwalo laling'ono la Los Rodeos, ndipo madzulo ake, nkhungu yonga chiperoni chathuchi itakuta malo onse, ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zidapezeka pamsewu umodzi wothamangirapo, zosaonana, nayenso mlonda wosaziona. A KLM adauzidwa njira yoti adzatsate akadzanyamuka, ndipo popeza m'mawuwo mudali liwu lakuti "takeoff", kaputeni, amene adali mphunzitsi wamkulu wa oyendetsa anzake ndipo adali ndi changu choti achoke, adalitenga ngati chilolezo chonyamukira. Wachiwiri wake adabwereza uthenga n'kumaliza ndi mawu a nkhope ziwiri, amene akadatha kutanthauza kuti taima ponyamukira kapena kuti tikunyamuka. Mlonda adayankha kuti "OK", n'kuwonjezera kuti adikire adzawaitana, koma pa kamphindi komweko a Pan Am nawonso adalankhula kuchenjeza kuti akadali pamsewu, ndipo mauthenga awiri opulumutsawo adaphana okhaokha m'likhweru, a KLM n'kutsala ndi "OK" yekha. Injiniya wa m'ndegemo adafunsa mokayika ngati anzawo aja adachokadi pamsewu, kaputeni adayankha mwamphamvu kuti inde, ndipo wamng'ono adakhala chete. Ndege ziwirizo zidaombana, ndipo anthu 583 adatha tsiku limenelo. Kuchokera pamenepo liwu lakuti "takeoff" lidapatulidwa, silitchulidwa pawailesi kupatula popereka kapena pochotsa chilolezo chenichenicho, ndipo "OK", amene ali mbale wake wa "inde" wa kapitawo uja, sawerengedwa ngati chilolezo.

Liwu limodzi lidaphanso anthu anayi pafupi ndi Kuala Lumpur mu February 1989, pamene oyendetsa ndege yonyamula katundu ya Flying Tiger, atauzidwa kuti atsike kufika mapazi 2,400, adamva nambala 2 yoyambirira ija ngati kaliwu ka Chingerezi kotanthauza "kufika pa", popeza ziwirizi zimatchulidwa chimodzimodzi, natsika kulinga ku mapazi 400, kumene kudali phiri.

Palinso kuduka kwina kumene ife Amalawi tiyenera kukusinkhasinkha mofatsa, chifukwa muzu wake ndi khalidwe limene timalitama. Pa 25 January 1990 ndege ya Avianca yochokera ku Colombia idazungulitsidwa m'mwamba kupitirira ola lathunthu ikudikira mpata wotera ku New York, mafuta akutha pang'onopang'ono. Oyendetsa adanena kuti mafuta akuchepa, napempha kuti awaganizire msanga. Koma liwu limene alonda a pansanja adaphunzitsidwa kuti akalimva asiye zonse, ndilo "Mayday", lochokera ku Chifalansa kutanthauza kuti ndithandizeni, sadalitchule, ngakhale kaputeni adauza wachiwiri wake kuti anene kuti zinthu zafika poipa. Alonda, amene usiku umenewo adali ndi ndege zambiri zodandaula, adamva pempho laulemu la munthu amene angathe kudikira pang'ono. Injini zidazima, ndege idagwa ku Cove Neck, ndipo mwa anthu 158 adamwalira 73. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ife tidaleredwa kuti mlendo akafunsidwa ngati wakhuta aziti wakhuta, ndi kuti wodwala akafunsidwa mmene wagonera aziti pang'ono, ngakhale usiku wonse sadaone tulo. Ulemu wotere umakometsa mudzi, koma pawailesi ya ndege umasanduka bodza, pakuti wa pansanja saona nkhope yako kuti awerengepo zimene pakamwa pabisa.

Za kusiyana kwa zinenero, umboni wake waukulu ndi wa pa 12 November 1996 ku Charkhi Dadri, pafupi ndi Delhi, pamene ndege ya ku Kazakhstan, imene idauzidwa kukhala pa mapazi 15,000, idatsikira pamsinkhu wa 14,000 umene udapatsidwa kwa ndege ya ku Saudi Arabia, ziwirizo n'kuombana m'mwamba, anthu 349 n'kutha. Ofufuza adapeza kuti Chingerezi cha oyendetsa a ku Kazakhstan chidali chopelewera, ndipo uthenga unkadzera mwa munthu wachitatu wogwira wailesi usanafike kwa ogwira chiwongolero. Ngozi zotere ndizo zidachititsa kuti kuyambira mu 2008 oyendetsa ndi alonda a maulendo a pakati pa maiko aziyesedwa mayeso a Chingerezi cholankhula. Nafenso tili ndi potiterera pathu: m'Chichewa L ndi R ndi ana a mimba imodzi, amalowana m'malo popanda mlandu, pamene m'Chingerezi mawu a kumanzere ndi kumanja amayamba ndi zilembo ziwiri zomwezi. Owerenga Buku Lopatulika akumbukira anthu a Efraimu amene adathera pamadooko a Yordano chifukwa cha katchulidwe ka liwu limodzi. Komabe mlandu suli pa ife ophunzira Chingerezi tokha, pakuti eni chinenerocho nawonso amasokoneza anzawo akamathamanga polankhula ndi kuponyamo zining'a za kwawo.

Tsopano tibwere kuchigawo chathu chino cha Africa, kumene katatu konse ndege yonyamula mtsogoleri idatayika ili pafupi ndi bwalo, n'kusiya mafunso amene sadagonebe. Usiku wa pa 17 kucha wa pa 18 September 1961, m'masiku a Chitaganya, ndege ya DC-6 yonyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, idafika pamwamba pa Ndola kuchokera ku Léopoldville, oyendetsa nanena kuti akuona magetsi a bwalo ndipo akutsika. Adauzidwa kuti alankhulenso akafika mapazi 6,000, ndipo sadamvekenso. Apa chimene chidamvedwa molakwa ndi chete. Akuluakulu a pabwalo adaganiza kuti mlendo wasintha maganizo walowera kwina, natseka bwalo kukagona, ndipo zidutswa za ndegeyo boma lidazifikira madzulo a tsiku lotsatira, patapita maola pafupifupi 15, pamtunda woti munthu angayende wapansi kuchokera mumzinda. Mmodzi amene adapezeka wamoyo adamwalira patapita masiku ochepa, n'kukwanitsa anthu 16. Mawu a pansanja ya Ndola usiku umenewo sadajambulidwe pa tepi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene United Nations, kudzera mwa Jaji Mohamed Chande Othman wa ku Tanzania, yakhala ikufufuzabe nkhaniyi kuyambira 2015.

Pa 19 October 1986, usikunso, Pulezidenti Samora Machel ankabwerera ku Maputo kuchokera kumsonkhano wa atsogoleri ku Mbala, m'dziko la Zambia, m'ndege ya Tupolev 134 yoyendetsedwa ndi anthu a ku Soviet Union. Ili pafupi kufika, ndegeyo idakhotera kudzanja lamanja nthawi isanakwane, n'kulunjika kumapiri a Lebombo, oyendetsa akukhulupirira kuti Maputo ali patsogolo pawo. Chimene chidaikhotetsa ndi mlandu umene sudathe: komiti ya Jaji Margo ya ku South Africa idaloza chala oyendetsa, pomwe a Soviet Union adati idasocheretsedwa ndi chizindikiro chabodza cha wailesi chimene adani adatchera. Koma mawu a mphindi zomaliza adasungidwa, ndipo amatiphunzitsa kanthu ngakhale mlanduwo utagwera mbali iti. Mlonda adawalola kutsika mpaka mapazi 3,000, osapitirira apo asanaone magetsi a bwalo. Wogwira wailesi adati afika pamsinkhuwo, pamene ndege idali ikutsikabe. Posaona kuwala kulikonse, oyendetsa adaganiza kuti ku Maputo magetsi azima, napempha mlonda kuti aone ngati nyali za pamsewu zikuyaka, iye nabwereza chilolezo chotera. Motero a m'mwamba ndi wa pansi adatha mphindi zamtengo wapatali akukambirana za nyali, pamene nkhani yeniyeni idali yakuti ndege siili kumene onse ankaiganizira. Belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira lidalira masekondi 32, ndege nigunda phiri ku Mbuzini, ndipo Machel ndi anthu ena 34 adamwalira. Khutu la munthu limakonda kumva chimene mtima udayamba kale kukhulupirira.

Bala lachitatu ndi lathu, ndipo silidapole. M'mawa wa pa 10 June 2024, m'nyengo yomwe ija ya nkhungu, ndege ya asilikali ya Dornier 228 idanyamuka pabwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, itanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, malemu Dr Saulos Klaus Chilima, paulendo wa kumaliro a Ralph Kasambara. Usiku wake Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza mtundu kuti ndegeyo idalangizidwa kuti isatere ku Mzuzu chifukwa kunja sikunkaoneka, ibwerere ku Lilongwe, ndipo tsiku lotsatira idapezeka m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atatisiya. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, dziko limene ndegeyo idapangidwa, adapeza kuti idalowa m'mitambo ikuuluka chapansi, nigunda chitunda. Sadanene kuti chidaigwetsa ndi kusamvana pawailesi, ndipo nanenso sindikunena zimenezo. Chimene chikundikhudza ndi zina zimene adapeza: kuti m'ndegemo mudalibe kabokosi kosunga mawu a oyendetsa, kuti zokambirana za pawailesi pakati pa iwo ndi a pansi ku Lilongwe sizidajambulidwe, ndi kuti kachipangizo kofuula pamene ndege yagwera kadali ndi batire limene nthawi yake idatha mu 2004. Za Tenerife tikudziwa liwu ndi liwu, ndipo dziko lonse lidakonza malankhulidwe ake pophunzira pa mawuwo; za Chikangawa, patapita zaka 63 chichitikire za ku Ndola, mawu adapita ndi mphepo, ndipo pamene mawu asowa, mphekesera zimamera ngati bowa wa m'dzinja.

Aluso ayesetsa kuchirikiza khutu la munthu ndi zipangizo. Pamwamba pa nyanja zikuluzikulu malangizo ambiri tsopano amatumizidwa olembedwa, woyendetsa n'kuwawerenga pagalasi. Ndege zikuluzikulu zili ndi makina otchedwa TCAS, amene amalankhulana okha ndi kuuza ina kuti ikwere, inzake itsike. Koma ngakhale apa panafunika maliro kuti anthu adziwe womumvera, pakuti pa 1 July 2002, pamwamba pa Überlingen ku Germany, makina adauza oyendetsa a ku Russia kuti akwere, mlonda wa ku Zürich nawauza kuti atsike, iwo namvera munthu, ndege yawo niombana ndi ya DHL imene inkatsika momvera makina, anthu 71 n'kutha, ambiri a iwo ana a sukulu. Lero lamulo likuti zikasemphana chotere, makina ndiwo amveredwe. Chinanso chimene makampani a ndege adachiphunzira pa chete wa injiniya uja wa ku Tenerife ndi kuphunzitsa wamng'ono kutsutsa wamkulu momveka, ndi wamkulu kulandira kutsutsidwako popanda kukwiya, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Phunziro lomalizali ndilo lolemera kwa ife, amene makolo athu adakhala zaka zambiri pansi pa thangata m'minda yomwe ino, naphunzira kuti munthu wofuna kukhala ndi mtendere ayenera kuvomera msanga ndi kufunsa pang'ono. Mwana wa ku Thyolo amene mawa adzakhale pansanja ya Chileka, kapena kudzanja lamanja la kaputeni wa imvi, adzafunika ulemu wa mtundu wina, wotha kunena kuti, "Pepani bambo, sindinamve, tabwerezani," ndi wotha kunenanso kuti, "Bambo, nambala imene mwatchulayo si imene tinapatsidwa." Safunsa adadya phula. Kwa olamulira pempho langa ndi laling'ono poyerekeza ndi mtengo wa ndege imodzi: mawu onse odutsa pansanja zathu azijambulidwa ndi kusungidwa, kuti tsoka likagwa, amasiye apeze choonadi, ndi otsala apeze phunziro. Kwa makolo ndi aphunzitsi, akapitawo ndi anamwino, ndi onse amene amatuma kapena kutumidwa, ndisiya mwambo uja wa bambo anga, amene sadakwerepo ndege moyo wawo wonse: mwana asanathamange, aime kaye, anene chimene watumidwa, mchere, palafini, machesi, ndipo wotumayo amvetsere mpaka kumapeto.